Dzina Langa Lili kwa Achemwali

Chaka chimene ndinachoka kwathu sindichikumbukira. Kunali fumbi, ndipo ndinakwera lole yonyamula chimanga. Itangoyamba kuyenda, achemwali anga a Enelesi anatuluka m'nyumba akuthamanga, chipewa changa chili m'manja, akundiitana ndi dzina. Silinali la kusukulu lija, limene aphunzitsi anandipatsa tsiku loyamba ati chifukwa langalo linali lovuta kulemba. Linali dzina lenileni, limene azakhali ananditcha ndili m'chikuta.

Kwathu munthu ukamera ndevu dzina lako limapuma. Uyu akuti achimwene, uyo akuti amalume, ndipo iwe umavomera monyadira. Makolo athu anali atapita kale, mkulu wanga Yotamu nayenso tinali titamuika. Wotsala wolitchula dzinalo anali achemwali okha, ndipo ankalitchula dala, pagulu. Ndikadandaula ankati, "Ndinakubereka kumbuyoku ukundikodzera, lero ndikupatse ulemu wanji?" Tsikulo ndinawamva bwinobwino akuitana, ndinakweza dzanja, koma lole siima chifukwa cha chipewa.

Tauni yoyamba inali ya misewu yotsetsereka. Ndinapeza ganyu yonyamula makatoni, ndipo katoni ina inandifikitsa m'chipinda chozizira chopanda zenera. Munali makabati achitsulo, ndipo m'makabatimo munasanjikizana makina olira ngati njuchi. Ankawatcha maseva. Ankasunga zinthu za anthu amene makinawo sanawaonepo. Pakona panakhala mayi wovala jekete lachimuna, akuswa mtedza n'kumaponya makoko m'thumba la jeketelo. Anali a Nangozo, mmisiri wa makinawo.

"Ikani apo. Dzina lanu ndani?"

Ndinatchula la kusukulu.

"Limenelo ndi la pachitupa," anatero. Analoza kapepala komatidwa pamsana pa seva ina. "Lili ngati aka. Kamamatuka, kamafufutika, munthu akhoza kukasenda n'kukamata pa makina ena. Bwerani muone pamene pamakhala lenileni, a Uje."

Kuyambira tsiku limenelo ndinali a Uje, ndipo sindinabwererenso kumakatoni.

Anatsegula seva imodzi. Pansi pake panayalidwa chinthu chachikulu chobiriwira chimene ankachitcha bodi. Anandisonyeza ndi nsonga ya sikuludiraiva kachipangizo kakuda, kochepa ngati nsikidzi. Anati m'menemo ndi mmene munalembedwa zonse za makinawo: dzina lake, nambala yake, amene anawapanga, ndi nthawi imene anabadwa. Kenako anandisonyeza kena kokulirapo pang'ono.

"Uyu ndi mlonda. Makina akazima iye sagona, bola chingwe cha magetsi chili pakhoma. Amamvera kutentha, amamvera mafani, koma ntchito yake imene ndimaikonda ine ndi iyi: dzina lija amalilembanso pena. Apa." Anagogoda kabodi kakang'ono ka kutsogolo, kamene kali ndi mabatani ndi tinyali. "Imeneyi ndiye bakapu. Akadzuka amawerenga uku, amawerenga uku. Zikafanana amangokhala chete."

"Bwanji osalemba pamodzi pokha, mayi?"

"Ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri. Simunamvepo? Kwanu kulibe akuluakulu?"

Pasanapite nthawi bodi ina inapsa. Yatsopano inabwera mu katoni ilibe dzina, mmene zimabwerera zonse. Tinaiika, tinalumikiza chingwe, n'kukhala pansi kuyang'ana pa sikirini. Pamalo a dzina panali timizere tokhatokha. Kenako, popanda wina wokhudza kanthu, timizereto tinachoka, dzina lakale lija n'kubwerera, chilembo ndi chilembo. Mlonda anali atalitenga kutsogolo kuja n'kulilemba pa bodi yatsopano. Ndinaimirira, ndikuloza sikirini. A Nangozo anangondipatsa mtedza.

"Lamulo ndi limodzi, a Uje. Bodi ndi kabodi musadzasinthe tsiku limodzi. Kaya bwana akalipe bwanji. Chimodzi chizitsala kuti chiuze chinzake."

Ndinasangalala kwambiri tsiku limenelo, ndipo chifukwa chake ndinachidziwa. Inenso ndinali wolembedwa pawiri. Kwina mwa ine, kwina mwa achemwali.

Sindikudziwa kuti ndinasiyana nawo liti a Nangozo. Ndinangozindikira kuti ndili ndekha pa basi, chikwama cha zida chili pamiyendo. Matauni ankabwera ndi kupita. Ina inali ya fodya, ina ya njanji yopanda sitima, ina yomangidwa mozungulira sikelo ya malole. Kulikonse wina ankandidikira ndi makiyi, n'kunditsogolera m'kakhonde kopapatiza, n'kutsegula chitseko. Ndipo kuseri kwake kunkakhala chipinda chomwe chija, kuzizira komweko, njuchi zomwezo. Mwina chinali chimodzi, ine n'kumangolowera zitseko zosiyana. Uku ankanditcha amisiri, uku a injiniya. Kwina ana a pamsika ankandikuwiza kuti a Firiji, chifukwa ndinkatuluka nditavala juzi dzuwa likuswa mtengo. Ndinkavomera zonse. Munthu wofuna ntchito sasankha dzina.

M'tauni ya kumalire ndinaitanidwa ndi a Chimtengo, woyang'anira nkhokwe yaikulu ya katundu. Seva yawo inali itayatsa kanyali kachikasu ndipo inkakana kudzuka. Iwo anali atatupa ndi ukali.

"Tagula bodi ina dzana, yogwirapo kale ntchito koma yabwinobwino. Taika. Chinthuchi chikungotiyang'ana. Malole ali pamzere panjapo, amisiri!"

Ndinafunsa mlonda wa m'makinawo. Bodi imene anagulayo inabwera ndi dzina la kumene inachokera, pamene kabodi ka kutsogolo kankanenabe dzina la pano. Maina awiri, onse olembedwa bwino, ndipo mlonda anakana kusankha. Anangoyatsa nyali kuti kubwere munthu.

"Ndiye sankhani inuyo! Lililonse. Makina ali ndi ntchito yanji ndi dzina?"

"Mukalakwitsa, bwana, likafufutika lafufutika."

"Inu, ine ndili ndi dzina limodzi lokha koma ndikudya bwinobwino."

Ndinawafunsa kuti pa ziwirizo, chimene chinalipo kuyambira makinawo atabwera ndi chiti. Anaganiza, anakanda mutu, anaitana mayi wosesa, ndipo mayiyo anati kutsogoloko sikunakhudzidwepo, iye amapukutako fumbi kuyambira kalekale. Ndinauza mlonda kuti akhulupirire kutsogolo. Nyali inasanduka yobiriwira. A Chimtengo anandipatsa nkhuku yamoyo, ndipo ndinayenda nayo pa basi mpaka sindikudziwa kuti.

Mwina ndi nkhukuyo imene inandifikitsa kwa Dorika, chifukwa ndikukumbuka akuisosola pakhonde la nyumba ya lendi, ine nditakhala pa ndowa yovundikira. Tinakhala limodzi nyengo zingapo za mvula. Anali mkazi woleredwa bwino, ndiye dzina la mwamuna sakanalitchula. Ankanditcha inu. "Inu, madzi atentha." "Inu, malaya awa mwawatani?" Kwa anzake ndinali bambo akunyumba. Ndinkamukonda, ndipo ulemu wakewo unkandikoma.

Tsiku lina akundimeta tsitsi pansi pa mtengo wa mapeyala anaseka yekha.

"Inu, kodi muli mwana ankakutchani ndani kwanu? Ndingodziwa, sinditchula ayi."

Ndinatsegula pakamwa. Lilime linanyamuka kupita pamene linkapita kale, koma silinapezepo kanthu. Ndinkamva mawu a achemwali akuthamangira lole, ndinkaona chipewa, ndinkaona pakamwa pawo pakutseguka, koma mawuwo ankafika opanda zilembo. Ndinachita mantha, mantha enieni.

"Mukundibisira?"

"Ayi. Lili kwa achemwali."

"Dzina lanu lili kwa achemwali anu? Ndi mbuzi kodi, yoti munakasungitsa?"

Ndinaseka naye, koma iye anasiya msanga. Anamaliza kumeta, n'kundikutumula tsitsi paphewa. Patapita nthawi anandiuza kuti munthu wokana kuuza mkazi wake dzina ndiye kuti ali ndi banja kwina. Ndinalumbira, koma kulumbira kwa munthu wopanda dzina kumapepuka. Sindikudziwa ngati amene anachoka ndi iye kapena ine. Ndinapezeka ndilinso pa basi, tsitsi litameranso.

Ndinadzilimbitsa mtima ndi nzeru za ntchito. Bodi yopanda kanthu si maliro. Bola bakapu ilipo. Ndidzapita kumudzi, achemwali adzandiona ndikutsika, adzakuwa dzina lija pamaso pa anthu onse kuti andichititse manyazi, ndipo lidzabwerera chilembo ndi chilembo. Ndinkati ndipita mvula ikatha. Mvula ikatha ndinkati ndipita anthu akakolola.

Panali tauni ina ya paphiri kumene mphezi inagwa pa nyumba ya makina. Mmisiri amene anafika ine ndisanafike anali wachangu. Anaona kuti bodi yapsa, kabodi ka kutsogolo kachita mwaye, ndiye anasintha zonse ziwiri nthawi imodzi, zakalezo n'kutaya kudzala. Seva inadzuka, inkagwira ntchito, mafani ankazungulira. Koma ukafunsa mlonda kuti awa ndi ndani, ankangoonetsa timizere, uku ndi uku. Eni ake ataitanitsa chipangizo china kwa opanga, anayankhidwa kuti makina otere kulibe. Ine ndi mlonda wa pageti, munthu weniweni wa chibonga, tinafukula kudzalako mpaka manja kununkha, koma ana anali atatola kale kabodi kaja n'kupangira galimoto ya mawaya.

Ndikusamba m'manja pampopi, munthu wina wa kwathu amene sindinamuzindikire nkhope anandigwira paphewa.

"Achimwene, si inu alongo awo a Enelesi? Pitani kumudzi. Mutu wawo wayamba kutaya zinthu. Dzulo amafunsa njira ya kuchitsime."

Ndinafuna kumufunsa ngati iye akulidziwa dzina langa, koma munthu wamkulu ungafunse bwanji zimenezo? Pamene ndinkasankha mawu, iye anali atakwera njinga.

Ndinathamangira kudepoti tsiku lomwelo. Ndinauza kondakitala dzina la mudzi wathu, iye anavomera ndi mutu, ndipo basi inandisiya pakhomo pa nyumba ina pamene munthu ankandidikira ndi makiyi. Ndinakwera ina, zinachitikanso. Ndinkakalipa, ndinkawauza kuti sindinabwerere ntchito, koma iwo ankati, "Mwafika kale, amisiri, tangoonani pang'ono." Ndipo ine, chitsiru, ndinkalowa. Kanyali kachikasu sindinkatha kukadutsa.

Chipinda chomaliza chinali m'tauni ya mphepo. Kumeneko kunalibe nyali yachikasu. Zonse zinali zobiriwira. Mtsikana woyang'anira malowo, a Mwatitha, anandilandira atagwira foni kukhutu.

"A ku likulu akuti seva iyi inafa," anatero. "Akuti anaichotsa m'tauni ina chaka chatha, anaiphwasula. Ndiye akufunsa kuti ikulankhula bwanji kuchokera kuno. Ine ndawauza kuti za mizukwa sindinaphunzire."

Pakona panali munthu akuswa mtedza. Anali a Nangozo, jekete lomwe lija, koma tsitsi lonse layera. Sanadabwe kundiona.

"A Uje, mwachedwa. Tafunsani bwino."

Ndinafunsa, ndipo nkhani inatuluka pang'onopang'ono. Kabodi ka kutsogolo kanathyoka batani, ndipo wina anabweretsa kena kochokera pa mulu wa makina akufa, n'kukasiya m'kabati kudikira mmisiri. Mmisiri asanabwere, bodi yaikulu inapsa. Atafika anaika bodi yatsopano yopanda dzina, ndipo poona kuti watsegula kale, anaikanso kabodi kaja. Mlonda atadzuka anawerenga uku, mulibe kanthu. Anawerenga uku, muli dzina labwinobwino. Anachita zimene anaphunzitsidwa. Analitenga n'kulilemba.

"Ndiye bwanji sanayatse nyali, mayi? Kumalire kuja anayatsa."

"Kumalire kunali awiri okangana. Apa akangane ndi ndani? Wopanda kanthu satsutsa, a Uje. Chimene wapatsidwa amalandira."

"Ndiye dzina lake lenileni lili kuti?"

A Mwatitha analoza pamsana pa seva. Kapepala kaja kanali katayera mbee, kopanda chilembo.

"Tingatani?" ndinafunsa.

"Ikugwira ntchito?"

"Ikugwira."

"Ikudandaula?"

"Ayi."

A Nangozo anapukusa makoko pa jekete. "Mlonda sanalakwe. Wakufayo sakulifunanso dzinalo. Koma musandifunse ngati zili bwino, chifukwa inenso sindikudziwa." Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Inu bakapu yanu munaiyendera liti? Bakapu yosayendera ndi mphekesera chabe."

Sindinawauzepo za achemwali, kapena ndinawauza ndaiwala. Anandipatsa mtedza wodzaza dzanja, ndipo nditatuluka panja panali lole ya chimanga, injini ikulira.

Mudzi ndinaupeza utasuntha pang'ono. Mtengo wa pamphambano unali mbali ina ya msewu, ndipo nyumba yathu inali itafupika. Pakhonde panatuluka mayi wamkulu ndithu, mwana ali kumsana, ndipo anagwada.

"Amalume! Ndine Esinati. Munandisiya ndikukwawa."

Tisanalowe ndinamukokera pambali. Manyazi ndinali nditawasiya m'mabasi.

"Esinati, mayi ako ankanditchula dzina. Unalimvapo?"

Anaseka, atagwira pakamwa. "Amalume, ife ana tingatchule dzina lanu? Amayi akamakamba za inu amangoti malume ako a kutauni. Mwina kale ankatchula, koma ine sindinasunge. Si zosunga ana zimenezo."

Achemwali anali kuseri kwa nyumba, pamkeka, akutola timiyala mu mpunga umene munalibe timiyala. Anali atachepa kwambiri. Ndinakhala pansi patsogolo pawo, osalankhula, kuti mawu oyamba akhale awo. Anakweza mutu, anandiyang'ana, ndipo nkhope yawo inawala yonse.

"Yotamu!"

Esinati anafuna kulankhula, koma ndinamugwira mkono.

"Yotamu, iwe, wabwera? Anthu ankanama kuti unafa. Ndinkawauza ine. Tasendera kuno ndikuone. Wayonda bwanji!"

Ndinadziwa kuti si langa. Yotamu ndinamunyamula ndekha pa phewa ili kupita naye kumanda. Ndinafufuza mkati mwanga kuti ndipeze choti nditsutse nacho, choti ndinene kuti ayi achemwali, ine ndine wakutiwakuti. Munali timizere tokhatokha. Ndipo dzinalo linali labwinobwino, lotchulidwa ndi chikondi, ndi pakamwa pomwe paja. Ndinayamba kukayika. Mwina amene anakwera lole ija ndi Yotamu. Mwina amene tinamuika ndi winayo.

"Yotamu, sukuyankha? Kutauni anakudula lilime?"

"Wawa, achemwali."

Anaseka, n'kundimenya pabondo. Esinati anatembenukira kukhoma, akupukuta maso ndi nsonga ya chitenje. Achemwali anandifunsa za ulendo, ngati ndadya, ngati ndinakwatira. Ndinayankha zonse. Kenako anasuzumira kumbuyo kwanga, kunjira.

"Nanga mng'ono wako wamusiya kuti?"



"Mng'ono wanga uti, achemwali?"

"Uja anakwera lole. Uja, uje." Anatseka maso, milomo ikuyenda. Ndinasendera pafupi mpaka ndinamva mpweya wawo. Milomo inapanga kanthu, inakasiya, inapanganso. "Uje. Ha! Lili pompa. Tamuitana, adzadye."

"Ndimuitane kuti ndani?"

Anatsegula maso, n'kundiyang'ana mondidzudzula, mmene ankachitira kale.

"Iwe Yotamu, ulibe manyazi? Ine ndakalamba. Koma iwe ungaiwale dzina la mng'ono wako?"

Iwo anayamba kufufuza pansi pa mkeka, m'mphepete mwa khoma, mpaka Esinati anamvetsa, analowa m'nyumba n'kubwera ndi chipewa. Chinali chitadyedwa ndi njenjete mlomo wonse. Achemwali anachipukuta fumbi ndi chikhatho n'kundipatsa.

"Anaiwala ichi. Ndinamuitana, ndinamuitana, koma mwana uja samva. Dzuwa la kumeneko limupweteka. Ukamuona umupatse."

Ndinachilandira ndi manja awiri. Ndinayang'ana mkati mwake, chifukwa anthu ena amalemba maina m'zipewa. Munali thukuta lakale lokha.

"Ndikampatsa, achemwali," ndinatero. "Ali m'njira, akubwera."